Chadzunda M'paki ya Trymore

Tshabalala, Bulawayo
14 Julayi 2024

Achimwene a Robson,

Moni m'dzina la Ambuye. Kaya mwadzuka bwanji ku Dedzako pamodzi ndi alamu anga? Ife kuno tilipo, kungoti madzi m'mipope akumabwera ngati mlendo, ndipo mawondo angawa ayamba kudandaula. Ndikadakuyimbirani foni, koma makutu anu munawasiya m'fakitale ya ku Kelvin, ndiye ndalemba kalatayi kuti Fainess, mnzanga wa geni uja, akupatsireni akamabwera kudzaoda zitenje. Mundiuze za chimanga, tamva kuti chaka chino chinapserera.

Nkhani ndi ya mwana wanu Trymore. Wapeza ntchito. Musathamangire kululutira. Mukukumbukira kapaki kaja ka m'tauni, mmene munkagona masana mukatopa ndi kufunsira ntchito? Kasupe wake adauma kalekale, mabenchi atsala miyendo yokha, ndipo munthu wanzeru amazungulira, salowamo. Tsono eni masitolo a m'mbali mwake apanga komiti, ati akufuna pakiyo idzuke, anthu azikachezamo. Woyendetsa zonsezo asankha mwana wanuyu. Mwana amene ndinamuphunzitsa sukulu ndi tomato wa pamsika, lero ntchito yake ndi kuitana anthu kuti adzakhale pansi! Akumavala jekete dzuwa likuswa mtengo, kabaji kali lende pakhosi. Pakamwa pake ndi akatungwe, magetsi a dzuwa, ayisikilimu ndi intaneti yaulere. Ndinamufunsa kuti kodi munthu wanjala akakhala pa benchi lopentedwa amakhuta? Anangoseka, amvekere, "Hayi Mama, inu simumva vision."

Ati adzatsegulira mu Okutobala, ndipo wapempha kuti amayi a Chigwirizano a ku mpingo kwathu tikayimbe. Ndavomera, osati chifukwa cha paki yakeyo, koma kuti anthu aone kuti mwana wa Loice amayamba zinthu ndi pemphero. Inu mukudziwa chimene ndimaopa. Bambo athu tinawaika zii, opanda nyimbo ndi imodzi yomwe, ngati tikukwirira chinthu chobedwa. Ine zimenezo sindizifuna. Zaka zonsezi ndavala bulauzi yoyera, ndaphika m'maliro a anthu, ndazonda odwala, kuti tsiku langa likadzakwana amayi adzandiperekeze ndi nyimbo kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Kuno anthu saiwala kuti ndife ana a yani. Ukangopunthwa pang'ono, umamva kuseri kuti, "Ndi a zigure aja," poti gule wamkulu ndi mmene amamutchulira kuno.

Mnyamatayu akuti naye akulemberani, pali zimene akufuna mumuthandize. Sindinamufunse, ndatopa nazo nkhani za paki. Ndinu malume ake, chilichonse chimene apemphe mumuchitire, kuopa angatichititse manyazi pamaso pa anthu.

Ndine mlongo wanu,
Loice Nambewe

Bulawayo
15 Julayi 2024

Salibonani Malume,

Muli bwanji? Ine ndili sharp. Pepani Chichewa changa, kumva ndimamva bwinobwino koma polemba chimandithawa. Kalatayi ndayika pamodzi ndi ya Mama.

Ndikhulupirira akuuzani kuti ntchito yanga ndi yopusa. Malume, si yopusa. Paki imeneyi ili pakati penipeni pa tauni, anthu amadutsa m'mbali mwake tsiku lonse, koma palibe amalowa. Ine ndimati malo amafa chifukwa palibe chochitika. Ikani magetsi, ikani mabenchi, ikani nyimbo, anthu abwera okha. Anthu akabwera, otsotsi, akuba aja, amathawa. Simple.

Problem yanga ndi programme ya tsiku lotsegulira. A Mthulisi, wapampando wa komiti, akufuna mtundu uliwonse wa mu Bulawayo uonetse zakwawo. AmaNdebele ali ndi magule awo, a Chishona abweretsa mbira. Ife a ku Malawi tili ndi chiyani? Kwaya ya Mama basi. Anandifunsa pamaso pa komiti kuti, "Wena Trymore, kwanu simuvina?" Ndinachita manyazi sibili, manyazi enieni.

Ndiye ndikufuna Gule Wamkulu, Malume. Ndinaonera pa intaneti, hayi, palibe angapose zimenezija. Ndamva kuti khulu, bambo anu, anali katswiri wa ng'oma zake. Mama safuna kukamba za khulu, koma inu mukudziwa anthu. Kodi kuno kudakali amene amavina? Ndilipira transport ndi chakudya, ndipo adzavina mphindi zochepa chabe, pakati pa speech ndi ayisikilimu.

Musadandaule za Mama. Nawonso ali mu programme, avomera, ndipo ndi iwo amene anati ndikulembereni.

Ngiyabonga Malume,
Trymore

Dedza
9 Ogasiti 2024

Iwe Trymore,

Moni. Kalata ino aijambula ndi aphunzitsi a pasukulu yathu pano, ikupeza pafoni. Werenga mofatsa, ukalephera upeze wamkulu akuwerengere.

Pakati pa sipichi ndi ayisikilimu! Ukadakhala pafupi ndikadakukoka khutu. Gule si wailesi yoti ungoyatsa alendo akayamba kuyasamula. Zilombo zimachokera kumanda, ndipo sizituluka popanda chifukwa. Iwe wosavinidwa, amene ngakhale njira ya kudambwe suidziwa, ukuitana gule ngati ukuitana kombi. Koma poti mayi ako alankhula, ine ndilibenso mawu.

Upite ku komboni ya mgodi wakale uja, njira ya ku Gwanda, ukafunse a Lemson. Ndi okalamba tsopano, koma bwalo la kumeneko ndi lawo. Jekete usiye kunyumba. Ukafika ukhale pansi, osati pampando, ndipo usatulutse pepala la pulogalamu yako. Ungonena kuti, "Ndine mdzukulu wa a Mbewe a ng'oma ya mbalule. Mwana wawo wamkazi wavomera, ndipo Robson wati mukudziwa chimene chinatsala." Mawu ndi omwewo, usawonjezere Chingerezi chako. Akakuuza zoti ugule, ugule osafunsa.

Mayi ako ndawalembera payekha. Imeneyo ndi nkhani ya m'banja, siyingadutse m'foni ya aphunzitsi. Ibwera ndi Fainess.

Malume ako,
Robson Mbewe

Dedza
10 Ogasiti 2024

Nambewe mlongo wanga,

Moni. Kuno tili moyo. Chimanga chinapsereradi, tikudalira mbatata ndi kachinangwa ka kudimba. Koma lero sindikudandaula za njala, chifukwa kalata yako yandikhutitsa.

Ndinaiwerenga, kenako ndinawerenga ya mnyamata, ndiye ndinabwereranso ku yako. Unayamba ndi kulira kuti bambo tinawaika zii. Unamaliza ndi kuti chilichonse chimene mwana apemphe ndimuchitire. Mwanayo wapempha gule. Loice, ine si mwana. Ndikudziwa kuti mayi wa bulauzi yoyera sangalembe mawu amenewo ndi dzanja lake, ndiye wadzera mwa mwana. Wachita bwino. Mutu wako wouma uja wafewa tsopano, ngakhale watenga zaka zambiri ngati nyemba za chaka chatha.

Usaiwale mmene zinayendera. Abusa anakana kuyimbira bambo chifukwa anali a gule. Iwe, ubatizo usanaume pamutu, unaima pachipata ndi kubweza a gule chifukwa unali wa mpingo. Mkulu amene anayimbira ng'oma maliro a komboni yonse anapita ngati mlendo wosadziwika. A Lemson anandiuza tsiku lomwelo kuti gule wa a Mbewe watsala, ndipo adzadikira mpaka mwana wamkazi adzavomere. Adikiradi.

Za malowo ndinayamba ndanyinyirika. Chikumbutso cha munthu wamkulu kuchitikira m'paki, pamene ana akunyambita zozizira? Koma ndinaganizanso. Bambo anagwira ntchito m'dziko limenelo moyo wawo wonse, ndipo m'paki momwemo sankaloledwa ndi kupondamo komwe nthawi ya azungu. Asiye alowemo tsopano ndi ng'oma.

Ukudziwa mwambo, sindikuphunzitsa. Chilombo chidzabwera kwa iwe, poti ndiwe mwini maliro amene ulipo. Chikadzagwada sichidzadzuka mpaka utasupa. Ukonzeretu kanthu m'manja. Za amayi anzakowo uona wekha mochitira, kaya uwatuma kukagula madzi, kaya uvula bulauziyo kwa kanthawi. Inu a mpingo nzeru zozembera simusowa.

Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadabwera. Undilembere zonse, usasiye kanthu.

Mlongo wako,
Robson

Tshabalala
6 Okutobala 2024

Achimwene,

Moni. Kodi muli moyo? Miyezi yapita osamva kanthu. Mwana wanu akuti munamuyankha pafoni, koma ine mlongo wanu ndiye wosafunika. Fainess nayenso sanabwerebe, ati wadwalira ku Lilongwe kwa mwana wake. Kalata ino ndapatsira mnyamata wa basi, kaya ifika kaya itayika.

Paki ija ndinakaiona, anachita kundikoka. Mabenchi awapenta achikasu ngati mano a wosuta fodya. Kasupe akuti sangamudzutse poti madzi kulibe, ndiye adzalamo maluwa osafuna kuthirira, aminga okhaokha. Aika akatungwe, ndipo ana a mumsewu awapeza kale. Pali ndi chikwangwani chachikulu cholembedwa kuti aliyense ndi wolandiridwa, chokhomedwa pampanda umene amakiya dzuwa likalowa. Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Komabe ndisaname, zinyalala zachoka, ndipo ndinaona amayi awiri atakhala pansi pa mtengo akudya mabanzi mopanda mantha. Mnyamatayu waonda nayo ntchito. Musamuuze kuti ndayamikira, angatupe mutu.

Chimene chikundidabwitsa ndi maulendo ake. Loweruka lapitali anapita kwina atavala malaya ong'ambika, nabwerako fumbi lili mbuu mpaka m'tsitsi. Mawa lake ndinamuona atanyamula nkhuku yamoyo ndi thumba la chimera. Ndikamufunsa akuti, "Ndi surprise, Mama, malume akudziwa." Mukudziwa chiyani inu? Ngati mukumufunira mkazi kumbali, mundiuze, ndisadzamvere kwa anthu.

Kwaya yathu yakonzeka. Abusa avomera kudzatsegula ndi pemphero, ndipo akulu a mpingo abweranso. Mayi Ida, mlembi wathu uja amene amaona kachitsotso m'diso la aliyense, wagula foni yatsopano kuti adzajambule. Tidzakhala kutsogolo penipeni, ine pakati. Ndachapa ndi kusita kale. Kwa nthawi yoyamba anthu a m'tauni muno adzamva Chichewa chikutamanda Mulungu poyera, osati kumangotidziwa ndi zamanyazi zija.

Yankhani, musakhale ngati chitsa.

Loice

Bulawayo
27 Okutobala 2024

Malume!

Salibonani. Dzulo tatsegulira, ndipo tauni yonse ikukamba za ife!

Poyamba zinali bho koma zozizira. Abusa anapemphera motalika, kwaya ya Mama inayimba bwino, a Mthulisi analankhula mpaka anthu anayamba kuchoka. Ndiye ng'oma zinalira kuseri kwa mitengo. Malume, anthu anatuluka m'masitolo, makombi anaima pamsewu, ma security anasiya zipata. Sindinaonepo paki itadzaza chotero.

Panatuluka chilombo cha nkhope yakuda yamakwinya, chotsimphina ngati nkhalamba. A Lemson anati ndi Chadzunda. Chitayamba kuvina, fumbi linakwera kuposa tenti ya alendo. Ine ndinawauza kale kuti chikavinire kutsogolo kwa alendo olemekezeka, ndinajambula ndi mzere wa laimu pansi. Koma chinadutsa tenti ngati mulibe anthu, chinapita straight kwa amayi a kwaya. Amayi anabalalika, ena anataya nsapato. Mama okha anatsala pampando.

Chilombo chinagwada pamaso pawo. Ng'oma zinatsika, ndipo a Lemson anayamba nyimbo ina yosiyana, yapang'onopang'ono, yotchula dzina la Mama. Ndinaganiza kuti mwakonza ndinu kuti muwalemekeze, ndipo ndinawomba m'manja kwambiri. Chinakhala chogwada nthawi yaitali. Kenako Mama anamasula kampango kawo, naika kanthu pansi. Hayi, chinadzuka ndi mphamvu, azigogo a ku komboni analulutira, ena akulira. A Mthulisi anandigwira dzanja, akuti contract yanga aiwonjezera, ndipo akufuna gule mwezi uliwonse.

Koma pali chimene sindikumvetsa. Abusa anachoka osatsanzika. Amayi a kwaya anakwera kombi kuwasiya Mama. Ndinawaperekeza ine, ndipo titangofika kunyumba anadzitsekera m'chipinda. Lero Sabata sanapite ku tchalitchi, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndikagogoda akuti, "Pita ku paki yako." A Lemson nawonso akana za mwezi uliwonse, akuti ntchito imene anabwerera yatha. Ntchito yanji, Malume? Ndalakwa chiyani?

Trymore

Tshabalala
12 Novembala 2024

A Robson,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndikufuna kudziwa mmene mwadzukira.

Fainess wafika dzana ndi kalata yanu ya mu Ogasiti. Ndaiwerenga nditakhala pansi, ndipo ndinaseka ngati wamisala. Ndiye inu ndi anzeru, eti? Mumawerenga zimene munthu sanalembe. Ine kulira za maliro anga, inu mwamva kuti ndikuitana ng'oma. Makutu adafa kale, tsopano ndi maso omwe. Mukadafunsa funso limodzi lokha, kodi dzanja likadathyoka?

Munati ndikulembereni zonse. Imvani tsono. Ng'oma zitangolira ndinazidziwa. Anzanga atathawa ine sindinakhale chifukwa cha kulimba mtima, ukalambawu ndi umene sulola kuthamanga. Chinthu chija chitagwada, ndinayang'ana kumbali, ndinati chitopa chokha. Ndiye nkhalamba Lemson, wopanda ndi dzino lomwe, anatsegula kukamwa:

Sitima yapita, yandisiya pamgodi,
Nambewe mwana'nga, ukanene kwathu ndachedwa.

Inu mukuidziwa. Bambo anaipeka ine ndili kamwana, ankandiyimbira atandikhazika pamwendo akaweruka, manja akununkha mafuta a makina. Sindinaimvenso chimwalirire iwo. Ndinalira, achimwene, pamaso pa abusa, pamaso pa tauni yonse, bulauzi ili pathupi. Chinthucho chili chigwadire. Ndinadziwa kuti sichichoka, ndiye ndinamasula ndalama ya kombi imene inali pakampango ndi kuika pansi. Ndinkati chichoke basi.

Mayi Ida foni yake yatsopano inagwira ntchito. Pofika madzulo mpingo wonse unali utaonera, mpaka a ku lokeshoni ya Nkulumane. Akuti milomo yanga ikuoneka ikuvomera nyimbo. Kaya, ine milomo sindinaitume.

Anandiitana kubwalo la akulu a mpingo. Amuna amene ena a iwo ndinawasambitsa ali makanda, atakhala mondandalika, nkhope zili gwa. Anafunsa ngati ndinadziwa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinasupa. Ndinati maso muli nawo. Agamula kuti ndadulidwa. Mgonero ayi, Chigwirizano ayi, ndipo ndikafa ndili chomwechi mpingo sudzayimba.

Koma ati khomo lilipo, poti ndi anthu achifundo. Ndidzaime kutsogolo Sabata loyamba la Disembala, ndinene ndi pakamwa panga kuti zimene zinachitika m'paki ndi za ziwanda, nyimbo ija ndi ya Satana, ndipo amene anaipeka anali mtumiki wa mdima. Ndikatero ndikhala miyezi ingapo pa benchi la kumbuyo, kenako andibwezera. Mawu ake andilembera kale, ndi Mayi Ida amene anabweretsa, akumwetulira ngati wabweretsa keke.

Mwana wanu ndamufotokozera. Analira, akuti asiya ntchito. Ndinamuuza kuti asandiwonjezere chitsiru china pakhomo, chimodzi cha ku Dedza chakwana. Paki yake ndiye yadzukadi. Anthu akumadzaza Loweruka lililonse, ena kudzaona pamene panagwada chilombo. Mwamuthandiza mwana wa mlongo wanu, malume abwino. Mwawotcha nyumba kuti ana aothe moto.

Loice

Dedza
21 Novembala 2024

Nambewe,

Moni mlongo wanga. Kalata yako yafika msanga, ngati kuti nkhani zoipa zili ndi basi yakeyake.

Wanditukwana, ndalandira. Kufunsa ndikadafunsadi. Ndinamva zimene mtima wanga unkafuna kumva, ndipo zakugwera iwe. Koma usandiuze kuti ndimve chisoni kuti bambo aviniridwa. Usiku umene ndinamva ndinagona tulo ngati mwana.

Akulu akowo ndikuwadziwa. Theka la iwo makolo awo ankavina pa komboni yomweyo, ndipo ena akadwala amadzera kwa sing'anga asanafike kwa abusa. Lero akufuna nkhalamba iime kutsogolo itukwane bambo ake kuti iwo aoneke oyera. Ngati mawuwo ndi amene akugulire nyimbo zako, nena. Bambo adagona kale, sangamve. Ine sindidzakuweruza, ndipo pakamwa pokha sipapha munthu.

Ukapanda kutero, bwera kuno. Nyumba ilipo, manda a makolo alipo. Kuno munthu sapita zii, kaya wa mpingo kaya wa kudambwe.

Undiyankhe, ngakhale ndi matukwano.

Robson

Tshabalala
8 Disembala 2024

Achimwene,

Moni. Mvula yagwa kuno, kaya kumeneko. Mundiuze ngati mwadzala.

Ku Dedza sindibwera. Ndinabadwira kuno, ndidzakaima pati kumeneko, mlendo wa imvi wosadziwa ndi njira ya kuchitsime? Malangizo anu enawo, oti ndingonena poti pakamwa sipapha, ndi a munthu amene sanaimepo pamaso pa Mulungu. Inu zonse mumaziona zophweka mukakhala patali.

Sabata lapitali ndinapita. Tchalitchi chinadzaza kuposa tsiku la Khirisimasi, ngakhale amene adasiya kupemphera anabwera atasamba. Abusa ananditchula dzina, ndinayenda mpaka kutsogolo, pepala lili m'manja. Mawu oyamba ndinawerenga. Ndinati ndikupepesa kuti ndinakhumudwitsa mpingo, ndipo zimenezo ndinanena ndi mtima wonse. Nditafika pa mzere wa bambo, ndinaima. Abusa anandinong'oneza mawuwo, kuyesa kuti maso akundivuta. Ndinawauza kuti kuwerenga ndimatha. Ndinati munthu amene ankagona ndi njala kuti ine ndidye, amene anandigulira Baibulo langa loyamba ngakhale iye sankalowa m'tchalitchi, sindingamutche mtumiki wa mdima. Mulungu amudziwa yekha. Ndinapinda pepala, ndinalipereka kwa Mayi Ida, ndinatuluka. Palibe ananditsatira kupatula Trymore.

Musalulutire. Sindinachitire inu, ndipo gule wanuyo sindikumufunabe pakhomo panga. Ndataya chimene ndinachigwirira ntchito moyo wanga wonse, ndipo zikundiwawa usana ndi usiku. Ndikadzafa mudzauze mnyamatayu asadzavutike kukagogoda kwa abusa, asadzachite manyazi kawiri.

Lachinayi amayi anadutsa mumsewu mwathu, akupita kukazonda NaNkosana amene wagwa sitiroko, nyumba yachitatu kuchokera pano. Anali pamzere, oyera mbee, akuyimba. Atafika pachipata changa ena anayang'ana pansi, ena anakweza mawu. Ine ndinali m'khitchini, ndinatseka katani. Nyimbo inkamveka yopyapyala, yopanda pogonera, chifukwa alito wa nyimbo imeneyo ndinali ine, ndipo palibe amene anaphunzira. Ndinamvetsera akulakwitsa vesi loyamba lonse. Pa lachiwiri ndinalephera kupirira. Ndinawayimbira chapansipansi, nditagwira sinki, mpaka anakhota pakona.

Mlongo wanu,
Loice Nambewe